Mtovu Sulira

Ine ndine Tulio, womata matayala pamphambano yolowera m'tauni yathu kuno kumadzulo kwa La Pampa. Ndayamba ndi dzina langa dala, chifukwa m'nkhani iyi muli cholakwa changa, ndipo sindifuna kuti wina akakuuzeni mothira mchere ine kulibe. Koma mwininkhani ndi Don Hilario Zubiría, mkulu amene anatha zaka makumi anayi akukwera mijigo yamphepo m'mafamu a nkhosa, kumanga apa, kuthira girisi apo, kuti ziweto za anthu zisafe ndi ludzu. Imeneyo inali ntchito yodyera. Ntchito yapamtima inali ina: Loweruka lililonse ankasungunula mtovu kuseri kwa nyumba yawo n'kuumba zipolopolo.

Mfuti yawo inali ya agogo awo, ija ya asilikali akalekale, yolowa chipolopolo chimodzi basi. Ukawomba utsegule, uchotse khoko, ulowetse china, nguluwe ili maso pa iwe. Anaipatsa dzina loti Gorda, kutanthauza wonenepa, poti inalidi yonenepa, ndipo kukamwa kwake kunkalowa chala chachikulu. Zipolopolo zake masitolo anasiya kugulitsa ine ndisanabadwe. Wofuna kuti Gorda alankhule ankayenera kuumba yekha.

Mtovuwo unkachokera kwa ine. Mukutidziwa timitovu tija timapanidwa m'mphepete mwa tayala kuti lisamanjenjemere pothamanga? Ndikachotsa takale ndinkaponya m'ndowa, ndowa ikadzaza ndinkakaitula kwa Don Hilario. Zaka makumi atatu tikuchita zimenezi. Nyengo yozizira ikafika ankandibweretsera masoseji a nguluwe, n'kumati akundibwezera mtovu wanga utanenepa.

Ndowa ikafika sankathamangira moto ayi. Ankakhala pakampando pafupi ndi sitepe yasimenti ya pakhomo la kukhitchini, n'kumatola kamodzikamodzi kugwetsa pasimentipo. Kakagwa kuti thi, ngati chibuluma chadothi, kankalowa m'chitini. Kakalira kuti nge, kankaulukira kudzala.

"Mtovu sulira, Tulio," ankandiuza choncho nthawi zonse ngati sindinamvepo. "Kolirako ndi zinki. Kakasungunukira mumphika, mtovu wonse wasanduka phala lamibulu. Maso amanama, tonseti n'totuwa. Khutu silinama."

Masiku amenewo tolira tinali tosowa, mwina tiwiri m'ndowa yonse.

Kenako mphika wachitsulo pachitofu cha gasi, chipande m'manja, chikombole chotentha m'dzanja linalo. Kuthira, kuwerenga mpaka kasanu chamumtima, kugogoda ndi kamtengo, chipolopolo n'kugwera pabulangete lakale chikunyezimira. Chilichonse ankachiyeza pakasikelo kawo kakang'ono. Chopepuka chinkabwerera mumphika popanda mlandu. Zotsalazo ankazipaka phula lanjuchi losakaniza ndi mafuta ankhosa m'timizere take, n'kuzikhomera m'makoko amkuwa pamwamba pa wonga wakuda. Akafuna kudziwa ngati mtovu wafewa bwino ankanyika manyuzi m'madzi usiku wonse, kuwamanga mtolo, kuwawombera, n'kufukula chipolopolocho. Chikatambasuka mutu ngati bowa, ankachiyendetsa tauni yonse m'thumba lamalaya kuonetsa anthu, ngakhale amene sanafunse.

Akazi awo, Doña Eulogia, mfuti ankadana nayo kuchokera pansi pamtima. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi za banja, sanaikhudzepo ngakhale ndi chala. Anali mayi wamfupi, wosoka madiresi, wa pakamwa posapuma. Loweruka ukadutsa pakhomopo unkamva mawu awo uli pamsewu.

"Madala inu, utsi wanuwo ukulowa m'zovala zanga pachingwe! Ndipo kasefuliya kanga ka mkaka kali kuti?"

"Kali pantchito yaboma, mayi."

"Mwasungunuliramonso phula? Mulungu wanga, ndinakwatiwa ndi njuchi ine!"

Don Hilario ankangoseka, ndipo Doña Eulogia ankatuluka ndi chikho cha yeba, tiyi wathu wowawa uja, n'kuwapatsa atatambasula mkono, nkhope atayang'ana kumbali ngati mtovuwo uwalumphira. Ankakondana anthu amenewa, ndikunena poyera. Mkangano unali chakudya chawo.

Tsono pali lamulo limene Don Hilario analandira kwa bambo awo, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Chaka chilichonse, asanalowe m'tchire, ankakhomera mbale yachitsulo pamtengo, kuyenda mapazi zana, n'kuwombera kasanu. Zipolopolo zonse zisanu zilowe m'mbale. Mwayi ndi Malamulungu atatu otsatana. Ukalephera katatu konse, mfuti ipachikidwe pakhoma, ndipo siitsikanso. Bambo awo anakhazikitsa lamulolo atavulaza nguluwe m'mimba ali okalamba. Anaitsata masiku awiri, n'kukaipeza ikadali moyo, mphutsi zitayamba kale ntchito. Don Hilario anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anaona ndi maso awo.

"Nyama sinakulakwire," ankatero. "Ngati uli ndi chipolopolo chimodzi, chikhale choti nyamayo isadziwe kuti yafa."

Zaka makumi asanu mbale sinawavutepo. Lamulungu loyamba lomwelo ankatsiriza, n'kukhala pansi kudya nyama yowotcha.

Chaka chimene ndikunenachi, mwezi wa Epulo, kunabwera Baigorria, mlimi wa nkhosa wa kutsidya kwa msewu wamchenga. Anati chinguluwe chachimuna chalowerera m'famu yake, chadya kale ana ankhosa asanu ndi awiri, ndipo chang'amba galu wake pamimba. Don Hilario anati, "Dikira mbale, ndibwera."

Lamulungu tinasonkhana kubwalo lowomberako, kuseri kwa tauni kumene kuli chulu chachikulu chamchenga. Tinalipo anthu ngati khumi, ena ndi mfuti zawo zamakono zokhala ndi magalasi pamwamba. Don Hilario anagona chafufumimba, chipewa atakankhira kumbuyo. Gorda anabangula, utsi woyera kuti tolotolo, fungo la mazira owola ponseponse. Kasanu. Titapita kukaona, mabowo m'mbale anali awiri. Zipolopolo zitatu zinapita kukaona abale.

"Mphepo imeneyi," ndinatero ine msangamsanga, ngakhale tsiku limenelo ndi tsamba lomwe silinkagwedezeka.

Lamulungu lachiwiri zinanyanya. Bowo limodzi, ndipo lopingasa, kusonyeza kuti chipolopolo chinafika chikugubuduka. Anthu aja anasiya nthabwala. Baigorria yekha ndiye analibe mabuleki pakamwa.

"Don Hilario, musadzivutitse. Gorda wakalamba, nanunso mwakalamba. Ndiitane anthu a ku Santa Rosa abwere ndi agalu awo."

"Iwe, tatseka pakamwapo!" ndinamukalipira. "Nkhosa zako zikanafa ndi ludzu kangati popanda mkuluyu?"

Don Hilario sanayankhe aliyense. Anali atakhala pamchenga akuyang'ana manja awo, kuwatembenuza uku ndi uku. Pobwerera m'galimoto langa anatulutsa zipolopolo zitatu m'thumba n'kundionetsa. Zinali zamakwinya ngati khungu lankhalamba, m'mbali mosadzaza bwino.

"Ona, Tulio. Kuyambira chaka chatha zikutuluka chonchi. Ndikayeza, ichi chalemera, ichi chapepuka, palibe ziwiri zofanana. Ndasintha moto, ndatsuka chikombole, ndayesa zonse. Ndi manjawa. Akunjenjemera pothira, ine osazindikira. Lamulungu likubwerali ndi lomaliza."

Ndinawayankha kuti lamulo analipanga ndi munthu, ndipo munthuyo anagona kalekale. Sanandiyankhe. Anangoyang'ana kunja, kumitengo ya kalideni. Ndinaganiza kuti ndawakhumudwitsa. Mtima unandiwawa kwambiri. Munthu uyu ukamuchotsera Gorda, umusiyira chiyani? Mijigo anali atasiya kale kukwera, ana ali kutali ku Bahía Blanca.

Lachinayi masana ndinapita ndi ndowa yatsopano, poganiza kuti mtovu watsopano mwina uwapatsa mtima. Anailandira, n'kukhala pakampando kawo paja. Ine ndinalowa kukhitchini chifukwa Doña Eulogia anali atakazinga timikate, ndipo ine timikate tokazinga sindidutsa. Tinakhala patebulo, chikho cha yeba chikuzungulira pakati pa awirife. Ndinaona kuti mayiwo sali bwino. Munthu wa pakamwa posapuma uja anali akungopotokola kansalu m'manja.

"Tulio, ndiwe ngati mwana wa m'nyumba muno, ndikuuze," anatero motsitsa mawu. "Abambowa atopa nane."

"Aa, Doña, mwayamba liti nthabwala zotere?"

"Si nthabwala. Zaka ziwiri tsopano sandiyankha. Ndikalankhula ali chakumbuyo, zii. Ndikawaitana kuti chakudya chapsa, mpaka ndikawakoke malaya. Usiku ndimawauza za ana, za maloto anga, iwo angoyang'ana kudenga. Kale ndikawakalipira ankandibwezera, tinkaseka. Pano ndimakalipa ndekha ngati wamisala. Ndikudziwa ndimalongolola, moyo wanga wonse ndalongolola. Koma sindinkadziwa kuti munthu angatope mpaka kufika pongokusiya uzilankhula ndi khoma."

Misozi inali m'maso. Ine ndinasowa poyang'ana, ndiye ndinayang'ana pawindo. Panja Don Hilario anali pantchito yawo, msana uli kwa ife. Thi, m'chitini. Thi, m'chitini. Nge! M'chitini.

Ndinaima ndi kamkate pakamwa. Ndinati mwina ndamva molakwa. Thi. Nge! Nge! Tonse m'chitini chimodzimodzi, dzanja silikukayika n'komwe.

"Doña, kulira kumeneku mwakumva?"

"Kumeneko? Kunayamba chaka chatha. Loweruka lililonse ngati mabelu akutchalitchi. Ndinkati mwina asintha kachitidwe. Ine za mtovu zindikhudza chiyani?"

Kalanga ine! Pomwepo ndinakumbukira makatoni a timitovu tatsopano amene ndinayamba kulandira chaka chathacho, totchipa, towala bwino. Magalimoto onse a m'tauni ndinawaika timeneto, ndipo tikatha ntchito tinkabwerera m'ndowa yanga. Ine chitsiru, womva "mtovu sulira" zaka makumi atatu, sindinagwetsepo ngakhale kamodzi kuti ndimve. Ndinkati mwiniwake amasankha. Ndinawatutira zinki mkulu uja chaka chathunthu ndi manja angawa.

Koma nanga khutu lija silinama linali kuti?

Ndinatuluka, n'kuima kumbuyo kwawo, mapazi atatu okha.

"Don Hilario!"

Thi, m'chitini.

"Don Hilario Zubiría! Nyumba ikupsa!"

Nge, m'chitini.

Ndinakweza mawu mpaka galu wa pakhomo loyandikana anayamba kuuwa. "Gorda ndi chitsulo chachabechabe, ndipo masoseji anu amanunkha palafini!"

Mkulu uja anangotola kena. Nditawagwira paphewa anadzidzimuka mpaka chitini chinagwa. Anatembenuka akumwetulira, maso awo ali pamilomo panga, osati m'maso mwanga. Apo m'pamene ndinazindikira kuti akhala akundiyang'ana choncho kwa nthawi yaitali, ndipo m'galimoto muja sanandiyankhe chifukwa nkhope inali kuwindo.

Doña Eulogia anali ataima pakhomo, manja onse pakamwa. Anaona zonse.

Anatsika sitepe ija pang'onopang'ono, n'kukaima kutsogolo kwa amuna awo. Anatola kamodzi m'timene tinamwazika, n'kukagwetsa. Nge!

"Madala, kalira kapena sikanalire?"

Don Hilario anayang'ana kachitsuloko, anayang'ana ine, anayang'ana akazi awo. "Sikanalire," anatero, koma mawu anali a munthu wolota.

"Kalira, nkhalamba yanga. Kalira ngati belu." Anawagwira masaya ndi manja awiri kuti awayang'ane. "Kuyambira liti?"

Don Hilario anati khutu lakumanzere linatseka kalekale. Lakumanja limamva pang'ono, mawu akulu, munthu akakhala pafupi. Ankadziwa kuti makutu akuchepa mphamvu, koma sankadziwa kuti afika poti ndi zinki yemwe sakumumva. Pamene sankamva kulira ankati ndowa zabwera zoyera.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Mukanandiletsa mfuti."

"Ndiye munasankha kuti ndiziyesa kuti simundifunanso?"

Zimenezo mkulu uja sanaziganizirepo n'komwe, zinkaoneka pankhope. "Ine? Kusakufunani inu?"

Doña Eulogia anawamenya pachifuwa ndi kansalu kaja, kawiri, katatu, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. "Chitsiru cha mwamuna! Gonthi wosanena! Zaka ziwiri ndikulira m'khitchini umu, ndinayamba n'kupemphera kuti Mulungu andichepetse pakamwa!"

"Ndiye sanakuyankheni," anatero Don Hilario, maso ali pamilomo yawo. "Nayenso ndi gonthi?"

Ine ndinapita kukayang'ana nkhuku, chifukwa m'maso mwanga munalowa kanthu.

Nditabwerera ndinaona chimene tauni yathu sinaonepo. Doña Eulogia atakhala pakampando ka mtovu, diresi atapinda m'maondo, ndowa ili pakati pamiyendo. Ankagwetsa, kupendeketsa mutu ngati nkhuku yomvera kabawi, n'kuponya. Thi, m'chitini. Nge, kudzala. Amuna awo atagwada pambali akuwapatsira. Pafupifupi theka la ndowa linapita kudzala, ndipo kalikonse kolira ankandiyang'ana ine.

"Tulio, uku ndiye kukonda mnzako kumeneku?"

"Pepani, Doña."

"Pepani sapoletsa chilonda. Tenga tsache usese apa."

Mphika wakale Don Hilario anati sungagwirenso ntchito, zinki walowerera. Tinayamba kuganiza kokapeza wina. Doña Eulogia analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mphika wawo wachitsulo wakuda, uja anapatsidwa ndi mayi awo paukwati, wophikira nyama ya mphodza.

"Mukauika mtovu sudzabwereranso kukhitchini," anawachenjeza amuna awo.

"Ndikudziwa. Mukuyesa ndine mwana? Yatsani moto."

Lachisanu m'mawa ndinatseka malo anga antchito, amatayala ophulika adzionere okha. Mtovu unasungunuka n'kukhala ngati galasi, wopanda m'bulu ndi umodzi womwe. Don Hilario anathira, kuwerenga, kugogoda. Zoyamba zingapo anabweza poti chikombole chinali chisanatenthe. Kenako chinagwa chimodzi pabulangete, chosalala, timizere take takuthwa ngati todula ndi mpeni. Anachiyang'ana, n'kuyang'ana manja awo. Manja aja analibe mlandu. Anaumba makumi atatu, ndipo pasikelo makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zinalemera chimodzimodzi.

Lamulungu Doña Eulogia anakwera nafe galimoto, koyamba m'moyo wawo kupita kubwalo lowomberako. Anavala diresi lakutchalitchi, ndipo anabweretsa mbale yawoyawo yachitsulo yoyera ya mkombero wabuluu. Asanagone pansi amuna awo, anawatsokomeza thonje m'makutu, n'kuwaveka pamwamba pake zotseka m'makutu zimene ndimavala ndikamagwiritsa makina opopera.

"Zamanyazi izi," anadandaula Don Hilario. "Bambo anga sanavalepo zoterezi."

"Bambo anu ankayankha 'zikomo' munthu akawafunsa nthawi. Gonani pansi."

Gorda anabangula. Doña Eulogia anakuwa n'kundigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa. Mbale inalira kutali kuti ngwe. Kachiwiri, ngwe. Kachitatu. Kachinayi. Chachisanu tinangomva kuti khwa, mbale n'kupendekeka.

Tinathamanga tonse, Baigorria patsogolo. Mabowo anayi anali pamodzi, oti n'kuphimba ndi chikhatho. Chachisanu chinadya mkombero wabuluu uja, theka m'mbale, theka kunja. Don Hilario anafika pambuyo, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Ndinawadziwa ine, anali okonzeka kudziweruza okha.

"Bambo anga akanati..."

"Mbale ndi yanga," anawadula Doña Eulogia, atawatembenuza kuti aone milomo. "Ndaitsuka zaka makumi anayi. Mkombero ndi mbale. Alipo akutsutsa?"

Anayang'ana amuna khumi aja mmodzimmodzi. Palibe anatsokomola. Baigorria anavula chipewa n'kunena kuti iye kuyambira kale ankadziwa kuti Don Hilario akwanitsa. Ndinangomuyang'ana, bodza lina limafuna ulemu.

Lachiwiri mayi aja anawakokera amuna awo ku Santa Rosa kwa dokotala wamakutu, ine ndikuyendetsa. Potuluka Doña Eulogia ndi amene anandiuza za makutuwo. Lakumanzere linafa, silidzukanso. Lakumanja kwatsala pang'ono, ndipo kachipangizo kothandiza kumva kangathe kukweza zimene zatsalazo. Koma mfuti yaikulu ngati imeneyo, tsaya litagunda pamtengo wake, kuwomba kulikonse kumabudulako, ndipo dokotala anati ngakhale ndi thonje iye sangalonjeze kanthu. Ndinayembekeza kuti mayiwo ayamba pomwepo kuti mfuti ithe. Sanatero. Njira yonse yobwerera, makilomita onse aja, sanatchule Gorda ngakhale kamodzi. Atafika pakhomo anangoti, "Mbale mwaikwanitsa, mfuti ndi yanu. Ine sindilowererapo."

Loweruka madzulo, dzuwa likadali pamwamba pamitengo, tinakabisala pafupi ndi thanki lamadzi m'famu ya Baigorria, pamene mapazi a chinguluwe chija ankadutsa tsiku ndi tsiku. Ine mfuti ndilibe, ndinapita ngati makutu. Tinagwirizana kuti ndikamva kanthu ndiwatsine pantchafu. Tinakhala maola awiri, mapazi anga anachita dzanzi. Kenako ndinamva nthambi ikuthyoka kumanzere, ndi kupuma kwamphamvu. Ndinatsina.

Chinatuluka m'zitsamba chakuda bii, msana ngati thumba la makala, mano ali panja. Chinaima, kununkhiza mphepo. Mapazi ngati makumi asanu ndi awiri. Don Hilario sanafulumire. Anadikira mpaka chitatembenuza phewa, ndipo ndinawamva akutulutsa mpweya pang'onopang'ono. Gorda analankhula kamodzi. Utsi utachoka, nguluwe inali itagona pamene inaima, miyendo itapindikira pansi pake. Sinalire, sinaphiriphithe n'komwe.

Mkulu uja anavula chipewa, n'kukagwada pambali pake, dzanja lili pakhosi lanyamayo, monga ankachitira nthawi zonse. Kenako anapapasa phewa la mbali inayo, n'kupeza kachotupa pansi pachikopa. Anacheka ndi mpeni, chipolopolo n'kugwera m'dzanja lawo, mutu utatambasuka bwinobwino ngati bowa. Anachipukuta pabuluku n'kuchiika m'thumba lamalaya. Baigorria anabwera ndi thirakitala akukuwa ndi chimwemwe, n'kunena kuti kutsidya kwa famu kuli zina ziwiri, tibwerenso sabata yamawa. Don Hilario anangomugwira paphewa.

Tinafika kunyumba kutada kale. Doña Eulogia anali pasitepe paja, juzi lili paphewa. Analankhula kanthu tikutsika m'galimoto. Don Hilario anachotsa thonje, anayandikira, n'kuwatembenuzira khutu lakumanja.

"Mwati bwanji, mayi?"

"Ndati mwachedwa, chakudya chazizira!"

"Ndamva," anatero. Anamwetulira ngati auzidwa nkhani yabwino. "Ndamva ndithu."

Analowa m'nyumba ndi Gorda. Anamutsuka ndi madzi otentha monga mwa masiku onse, kumupukuta, kumupaka mafuta. Kenako anatenga hamala ndi misomali iwiri ikuluikulu, n'kukhoma pamwamba pachitseko. Ine ndinaimirira.

"Don Hilario, mukutani? Mbale munaikwanitsa! Nguluwe yagwa ndi chimodzi!"

Anapachika mfuti ija, kuiwongola bwino, n'kutsika pampando. "N'chifukwa chake ndikuipachika lero, Tulio. Palibe adzanene kuti inandikanika." Anatulutsa chipolopolo chija m'thumba, n'kuchiika m'dzanja la akazi awo, n'kuwapinditsa zala. "Ichi munasankha ndinu, n'chanu. Khutu latsala limodzi, ndipo ndi theka. Gorda wadya lake zaka makumi asanu. Latsalali n'lanu."

Doña Eulogia anayang'ana kanthu kaja m'dzanja mwawo. Koyamba chiwadziwireni, anasowa mawu. Potsiriza anati, "Moyo wonse mwakhala mukudandaula kuti ndimalongolola."

"Ndinkanama," anatero Don Hilario.

Papita zaka zitatu tsopano. Gorda akadali pamwamba pachitseko, ndipo amatsitsidwa pokhapokha popakidwa mafuta. Kuumba sanasiye. Alenje a mfuti zakale amachokera kutali kudzatenga zipolopolo za pakhomo paja, ndipo amadziwa kuti wosankha mtovu ndi mayi. Ine ndowa ndimayamba ndasankha ndekha kuntchito, komabe Doña Eulogia amapezamo tolira titatu kapena tinayi, n'kundisungira pawindo kuti ndidzachite manyazi. Chipolopolo cha nguluwe chija amapsinjira nsalu akamadula diresi.

Loweruka lapitali ndinawapeza pasitepe paja. Mayi ali kudzanja lamanja la amuna awo, kumene amakhala masiku onse tsopano, pakamwa pakuyenda ngati makina osokera. Za mpongozi wosadziwa kuphika, za nkhuku yosiya mazira, za malaya amene Don Hilario anawotcha ndi mtovu pamkono. Mkulu uja atapendeketsa mutu, kachipangizo kali m'khutu, maso atatsinzina. Ndinatula ndowa n'kuwagwira paphewa.

"Don Hilario, mwaswera bwanji? Akukuuzani zotani lero?"

Anatsegula diso limodzi. "Akundikalipira za malaya."

"Ndiye mukusekerera chiyani?"

"Takhala chete, Tulio," anatero, n'kubwezera khutu kwa akazi awo. "Ukundiphonyetsa."